Ankayesa luso langa kapena njala yanga?

A kampani ina yotsatsa malonda anandiuza kuti ndifike ku intaviyu 10 koloko m'mawa. Ndinafika kutatsala mphindi 15, monga amachitira aliyense amene ntchito akuifunadi, nditanyamula laputopu ndi chikwama cha zojambula zanga zomwe ndinali nditasindikiza dzulo lake pa mapepala okhuthala. Mtsikana wolandira alendo anandilozera pokhala. Mpando weniweni panalibe, koma zimatumba zija zofewa zomwe ukakhalapo umamira mpaka mawondo kufika pachibwano. Ndinamira pamenepo kwa ola limodzi ndi mphindi 40, uku ndikukoka siketi, uku ndikuwerenga mobwerezabwereza mawu achikasu omwe anali pakhoma, onena kuti pakampani imeneyo chuma chachikulu ndi anthu.

Abwana omwe ankayenera kundifunsa mafunso ndinkawaona bwinobwino kudzera pagalasi. Sanali pamsonkhano ayi. Ankaonetsa anyamata awiri kenakake pafoni, onse akuseka chikhakhali. Maso athu anakumana kawiri.

Atandiitana sanadzuke, ndipo za kuchedwa sanazitchule n'komwe.

"Iwe ndiwe wa dizaini uja?"

"Ee, ndine, bwana."

M'kalata yondiitana anali atalemba kuti "inu". Ndinali mayi wa zaka 31, woti ntchito imeneyi ndaigwira zaka 7, ndipo munthuyu tinali tisanaonanepo chibadwire. "Iwe" ameneyo anandilasa kuposa kudikira konse kuja, koma ndinamwetulira. Portfolio yanga, mpukutu wa zojambula zija, anaitsegula ndi dzanja limodzi, linalo lili pafoni, n'kumavundukula masamba ndi chala chachikulu ngati akuwerenga ndalama. Thukuta la zaka 7 linatha mphindi imodzi isanakwane. Anaima pa tsamba limodzi lokha, la ntchito yomwe ndimainyadira kuposa zonse, n'kunena kuti, "Izi ngakhale mwana wasukulu akhoza kupanga pa Canva," pulogalamu yosavuta yomwe aliyense amatha kupangira zithunzi.

Kenako mafunso. Ukanakhala nyama, ukanakhala nyama yanji? (Ndinati njuchi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna nditalowa pansi.) Uli pabanja? Ana alipo? Ndiye akadwala usiku ife tili ndi pitch (kukaonetsa kasitomala maganizo athu kuti atipatse ntchito) m'mawa, uzitani? Nditafunsa za malipiro anaseka, n'kutembenukira mnyamata wina amene anangokhala phee pakona nthawi yonseyi: "Wamva? Wayamba kale za ndalama." Kwa ine anati, "Kuno ndife banja limodzi. Sitiyang'ana wotchi. Timafuna anthu anjala."

Pomaliza anandipatsa pepala. Inali brief, kalata yofotokoza ntchito yomwe ikufunika, ya kasitomala weniweni, kampani yopanga sopo, dzina lake ndi tsiku lomwe inkafuna ntchitoyo zili pomwepo. Ndinkayenera kukonzanso logo (chizindikiro cha kampaniyo), kupanga zikwangwani zitatu, kulemba mawu a pawailesi, ndi kuyala ndondomeko ya mwezi wathunthu ya zoika pa Facebook ndi Instagram. Limenelo linali Lachisanu masana. Ankazifuna Lolemba 8 koloko, pamodzi ndi mafayilo otsegula, oti munthu akhoza kuwasintha, omwe ndagwiritsa ntchito. "Tingofuna tione mmene umaganizira."

Ndinapanga zonse. Masiku atatu amenewo ndinagona maola osakwana 10. Lolemba ndinatumiza, ndipo kuchokera tsiku limenelo kampaniyo inangoti zii. Maimelo atatu, foni kawiri. Mtsikana uja ankangoti abwana ali pamsonkhano.

Musandimvere chisoni, ntchito ndinaipeza kwina ndipo ndikukhala bwino. Nkhaniyi ndaiutsa chifukwa cha mawu aja akuti "anjala". Ndikudziwa kuti abwanawo ankatanthauza anthu ofunitsitsa kupita patsogolo, koma mosazindikira anaulula zoona zake za intaviyu yawo. Tangoiyang'anani kuyambira pachiyambi. Kudikiritsa munthu nthawi yaitali chotero uku mukumuona kumayankha funso limodzi: kodi ameneyu apirira mpaka pati asananyamuke? Kumutchula "iwe" kumayankha lina: kodi ameza n'kukhala chete? Kunyoza ntchito yake, kufunsa za kunyumba kwake, kuseka akafunsa za malipiro, kumulanda Loweruka ndi Lamlungu osamupatsa kanthu, zonsezi zikuyeza chinthu chimodzi, ndipo chinthucho chilibe chibale ndi kujambula kapena kulemba. Zikuyeza kuti munthuyo wapanikizika motani. Wopambana mayeso oterewa ndi yemwe alibe kwina kolowera.

Apa m'pamene makampani a zaluso, monga otsatsa malonda, amandidabwitsa, chifukwa akudzibaya okha. Wojambula amene makampani ena awiri akumufuna sangamire m'thumba lija mphindi 100. Pofika mphindi 30 wanyamula chikwama chake. Wolemba amene makasitomala amamudziwa kale sangapereke wikendi yake kwaulere. Otsalira ndife amene panthawiyo eni nyumba akutigogodera pakhomo. Ena mwa ife ndi akatswiri ndithu, koma sefayo sinatisunge chifukwa cha ukatswiriwo. Ndipo wolowa ntchito kudzera pakhomo lotere amalowa ali ndi chotupa mumtima, maso ali kunja, moti akangopeza pena amathawa. Kenako abwana omwewo amadandaula kuti achinyamata a masiku ano sakhalitsa pantchito.

Mnyamata wa pakona uja ndi amene anandiperekeza potuluka. Tili pamasitepe anayang'ana kumbuyo, n'kundinong'oneza kuti, "Musadandaule, asisi, amatero ndi aliyense." Ankafuna kunditonthoza, koma anandiuza zambiri kuposa zomwe ndikanapeza pa webusaiti yawo. Amatero ndi aliyense, kutanthauza kuti amateronso ndi iyeyo, Lolemba mpaka Lachisanu. Maso ake anali ofiira ngati a munthu amene wagona pa desiki. Intaviyu ndi tsiku lomwe kampani imavala malaya ake abwino. Ngati awa ndiwo abwinowo, a tsiku ndi tsiku ndi otani?

Ndawamvapo abwana angapo akudziteteza, ndipo mfundo yawo yoyamba imakhala yakuti ntchito yotsatsa malonda ndi yowawa. Kasitomala akhoza kukana ntchito ya milungu itatu ndi mawu awiri, akhoza kuimba foni 9 koloko usiku kuti logo ikule. Ndiye akuti bola kumuyeseratu munthu ngati ndi wolimba mtima. Maganizo amenewa ali ndi agogo ake. Hyman Rickover, mkulu wa asilikali apamadzi a ku America amene anatsogolera ntchito yopanga sitima zoyenda pansi pa nyanja ndi mphamvu ya nyukiliya, ankawafunsa yekha mafunso maofesala ofuna kulowa m'gulu lake, kuphatikizapo Jimmy Carter amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti. Mpando wa wofunsidwa anaufupikitsa miyendo yakutsogolo kuti munthu azitsetsereka uku akuyankha, ndipo ena akayankha zosamukhutiritsa ankawatumiza m'kachipinda kosungiramo matsache kuti akaganize bwino. Kaya njirayo munthu aitame kaya ainyoze, Rickover ankafuna anthu okayang'anira moto wa nyukiliya pansi pa nyanja, komwe kulakwitsa kumodzi kumamiza sitima yonse ndi anthu ake. Ife tinkakambirana za sopo.

Komanso kuwawa kwa kasitomala n'kwina. Kasitomala akakana ntchito timabwerera kuofesi tonse, bwana ndi wantchito, n'kukhala pansi kuona pomwe tiyambirenso. Bwana amakhala mbali yanga. Pa intaviyu yonyoza, wondinyozayo ndi yemwe akuyenera kudzandiikira kumbuyo, ndiye chomwe ndikuphunzira n'chakuti tsiku lomwe kasitomala adzakalipe, ine ndidzakalipiridwa kawiri. Akanafunadi kuona mmene ndimalandirira chidzudzulo, njira inali pafupi: kutenga tsamba lija n'kundiuza kuti zilembo zachepa, munthu ali m'galimoto sangaziwerenge, kapena kuti mitundu iwiriyi ikumenyana, ndiye aone ngati ndikumva kapena ndikungoumirira. Mayeso amenewo ndikanawalandira ndi manja awiri. Koma m'mawu akuti "mwana wasukulu akhoza kupanga" mulibe choti munthu ayankhe. Ndi mwala wongoponya kuti aone ngati ulira.

Za nyama zija sindichedwapo, chifukwa ngakhale kampani yomwe inatchuka ndi mafunso odabwitsa inawasiya kalekale. Google inkadziwika ndi mafunso ozunguza mutu, monga akuti m'ndege mungalowe timipira tingati ta gofu. Mu 2013 Laszlo Bock, amene ankayang'anira za antchito kumeneko, anauza nyuzipepala ya New York Times kuti mafunso amenewa n'kungotaya nthawi, salosera kalikonse, ndipo ntchito yake yaikulu n'kupangitsa wofunsayo kudziona wanzeru. Zaka zonsezi zapita, ine ndikufunsidwabe ngati ndine njuchi.

Muzu wake weniweni ndi chikhulupiriro chomwe abwana a zaluso ali nacho pa diso lawo. N'zomveka, pakuti anakwera ndi diso lomwelo. Akhoza kuyang'ana chikwangwani kwa masekondi atatu n'kudziwa ngati chigwire anthu kapena ayi, ndipo nthawi zambiri amalondola. Vuto limabwera akaganiza kuti diso lomwelo limaonanso munthu. Chikwangwani chimaoneka chonse nthawi imodzi, sichinjenjemera, sichinachezere ndi mwana wodwala. Munthu pa intaviyu amangoonetsa kachidutswa, kachidutswa kopindika kale ndi mantha.

Jason Dana ndi anzake awiri anasindikiza kafukufuku mu 2013 amene ndimalakalaka atamatidwa pakhoma lija m'malo mwa mawu achikasu. Anauza ophunzira a payunivesite kuti afunse anzawo mafunso, kenako alosere mmene anzawowo adzakhozere teremu yotsatira. Mafunso anali oyankha kuti ee kapena ayi, kapena kusankha chimodzi pa zinthu ziwiri. Chomwe ofunsawo sankadziwa n'chakuti ena mwa ofunsidwa anauzidwa kuti aziyankha mwachisawawa, motsatira zilembo za mawu a m'funsolo, osati zoona zake. Palibe wofunsa ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti waona chachilendo. Ankatuluka akukhulupirira kuti munthuyo amudziwa bwino. Choseketsa china, polosera za munthu amene sanamuchite intaviyu n'komwe, pongoona magiredi akale, ankalondola kuposa polosera za amene anacheza naye. Mutu wa munthu umaluka nkhani ndi ulusi uliwonse womwe waupatsa.

Zofanana nazo zinaonekera kusukulu ya udokotala ya University of Texas ku Houston mu 1979. Sukuluyo inali itasankha kale ophunzira 150 pambuyo pa maintaviyu, pomwe aphungu a boma la Texas analamula kuti malo akhale 200. Anthu 50 owonjezerawo anatengedwa pakati pa omwe ofunsa anali atawapatsa malikisi otsika, chifukwa enawo anali atapita kale kusukulu zina. Atawatsatira mpaka kumaliza maphunziro, panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa osankhidwa ndi okanidwa aja.

Intaviyu ili ndi ntchito yake ikakonzedwa. Frank Schmidt ndi John Hunter mu 1998 anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 85 pa njira zolembera anthu ntchito, ndipo anapeza kuti intaviyu yomwe aliyense amafunsidwa mafunso omwewo, okhudza ntchitoyo, mayankho n'kupatsidwa malikisi ndi muyeso umodzi, imalosera bwino kuposa yongocheza. Paul Sackett ndi anzake atabwereza kuwerengera mu 2022, intaviyu yokonzedwayo inakhala pamwamba pa njira zonse, pomwe yongocheza sinafike ngakhale theka la mphamvu yake. Koma makampani a zaluso amadana ndi mawu akuti ndondomeko. Amaona ngati pepala la mafunso ndi za kubanki, zopha ufulu. Ena amati ndife kampani yaing'ono, tilibe ofesi yoona za antchito, ngati kuti kulemba mafunso asanu kumafuna dipatimenti. Anthu omwewa sangayambe kujambula kanthu popanda brief, ndipo amadziwa bwino kuti malire ndi amene amanola luso. Pa sopo amalemba masamba anayi a zomwe akufuna. Pa munthu amene adzakhale naye zaka, amangoti tiona akalowa.

Nanga "banja limodzi" lija? Lauren Rivera wa ku Northwestern University anacheza ndi anthu 120 olemba ntchito m'mabanki akuluakulu, m'makampani a maloya ndi a alangizi a zamalonda ku America, ndipo mu 2012 anafotokoza kuti ambiri ankasankha munthu wofanana nawo: wokonda masewera omwewo, wolankhula mofanana, woti angathe kucheza naye akaweruka. Funso lomwe ankadzifunsa linali lakuti, ndege itachedwa, kodi ndingakonde kukhala ndi ameneyu pabwalo la ndege? Mmene ine ndaonera, kumakampani a zaluso matendawa ndi aakulu, chifukwa kumeneko kufanana amakutcha chikhalidwe cha kampani n'kumakunyadira. Mayi amene aziweruka kukatenga mwana salowa m'banja limeneli. Wamanyazi amene amajambula bwino koma nthabwala za bwana saziseka, salowanso. Kenako kampani yodzaza ndi anyamata ofanana msinkhu ndi kavalidwe imakhala pansi n'kumakanda mutu kuti sopo aigulitse bwanji kwa amayi a ana atatu.

Funso la ana lija ndilo ndimalikumbukira ndi mkwiyo, chifukwa ndikukayika ngati anyamata awiri oseka aja anafunsidwapo. Bungwe la International Labour Organization linakhazikitsa pangano loletsa tsankho pa ntchito, lokhudzanso kusiyanitsa amuna ndi akazi, mu 1958, ndipo mayiko oposa 170 analivomereza. Ngati ntchito imafuna kugwira usiku, nenani choncho, munenenso kuti maola owonjezerawo mumalipira bwanji. Za amene adzagoneke mwana ndi zanga. Mawu akuti banja ndaphunzira kuwaopa. Banja silithamangitsa mwana kasitomala akathawa, koma kampani imathamangitsa. Mawuwa amatuluka nthawi yomwe akufuna kuti uchite manyazi kufunsa za ndalama, monga momwe ungachitire manyazi kulipiritsa amalume ako.

Pa ntchito ya wikendi ija ndiyenera kuvomereza kuti abwana ali ndi mfundo. Portfolio imanama. Chikwangwani chimodzi chimadutsa m'manja mwa anthu asanu, ndipo onse asanu amachionetsa ngati chawo. Masiku ano, ndi mapulogalamu a AI, munthu akhoza kudzaza masamba 20 ndi zinthu zokongola zomwe sangathe kuzifotokoza. Ine ndemwe ndinalembapo ntchito mnyamata amene zojambula zake zinali zapamwamba, koma sabata yoyamba tinazindikira kuti fayilo yopita kosindikiza sadziwa kuikonza. Kumuyesa munthu ndi ntchito yofanana ndi yomwe azidzagwira ndi njira yabwino, ndipo kafukufuku uja wa 1998 anaiika pakati pa njira zodalirika kwambiri. Mayeso sindikuwakana.

Koma mayeso ndi ntchito yaulere sizivuta kusiyanitsa, ngakhale makampani amanamizira kuti zimavuta. Mayeso amakhala ndi malire, maola awiri kapena atatu, ndipo brief yake imakhala yopeka kapena ya ntchito yomwe inatha kale, moti palibe angadyerepo. Ofuna zoposa pamenepo amalipira. Kampani ya Automattic, eni ake a WordPress.com, komwe anthu amapangira mawebusaiti, yakhala kwa zaka zambiri ikuyesa anthu ndi ntchito yeniyeni, koma imawalipira pa ola, kaya adzalembedwa kaya ayi. Ndipo pali chizindikiro chimodzi chomwe aliyense wa ntchito yathu akuchidziwa: mafayilo otsegula. Kuti uone mmene munthu amaganizira, PDF, fayilo yongoonera, ikukwanira. Akafuna kuona ngati ndimasanja bwino mafayilo, nditsegule laputopu pamaso pawo, aone, ndiitseke, ndibwerere nayo kwathu. Fayilo ya pulogalamu yojambulira ngati Illustrator kapena Photoshop yokhala ndi zigawo zake zonse imafunika kutsala m'manja mwa munthu mmodzi yekha: amene akufuna kusintha mtundu, kuchotsa dzina, n'kutumiza kosindikiza.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti ululu umenewu makampaniwa amaudziwa kuposa wina aliyense. Kasitomala wamkulu akafuna womutsatsira malonda amaitana makampani anayi kapena asanu kuti apikisane, iliyonse ibweretse maganizo ake athunthu kwaulere, ndiye asankhepo imodzi. Amati spec work. Abwana amalira nazo m'misonkhano yawo chaka ndi chaka. Bungwe la akatswiri a dizaini la ku America, AIGA, lili ndi mfundo yolembedwa yotsutsa mchitidwewu. Mu 2015 kampani yotsatsa malonda ya ku Toronto, Zulu Alpha Kilo, inatulutsa kanema wamfupi amene anafalikira kwambiri: munthu akupita kwa wojambula mapulani a nyumba, kwa wophunzitsa masewera olimbitsa thupi, kulesitilanti, n'kumawapempha kuti amugwirire kaye ntchito kwaulere, akaikonda ndiye mwina adzalipira. Onse anamukanira, ena akumuyang'ana ngati wapenga. Anthu a m'makampani a zaluso anagawana kanemayo mokondwa, akuti onani mmene makasitomala amatizunzira. Ndiye Lachisanu likafika, ena mwa omwewo amatenga brief yomwe ili patebulo pawo n'kuipereka kwa anthu asanu ofuna ntchito kuti aigwire kwaulere. Ndodo yomwe yawamenya amangoitola n'kumenyera amene ali pansi pawo.

Patapita miyezi inayi ndinaona chikwangwani cha sopo uja pamsewu. Mitundu inali ina, chithunzi china, koma mawu aakulu a pamwamba anali mapasa ndi omwe ndinalemba usiku wa Lamlungu lija, atangosintha mneni mmodzi. Ndinaima chilili mpaka wina anandigunda paphewa. Sindinena kuti anaba. Pa ntchito yathu anthu awiri opatsidwa brief imodzi amagwera lingaliro limodzi kawirikawiri kuposa momwe timavomerezera. Ngakhale ndikanapita kwa loya, sindikanapita patali: malamulo a umwini wa zaluso m'mayiko ambiri, otsatira pangano la ku Berne lomwe linayamba mu 1886, amateteza chojambula kapena cholembedwa chenichenicho kuyambira pomwe wachipanga, koma lingaliro lopanda thupi saliteteza. Mawu ochepa ngati amenewo, osinthidwa kale, n'zovuta kuwatengera kukhoti. Koma taonani pomwe kampaniyo inadziika. Ngati sanabe, alibe njira yondikhutiritsira kuti sanabe, chifukwa ntchito yanga anaisunga, mafayilo anatenga, yankho sanapereke. Akanandipatsa brief yopeka, chikwangwanicho ndikanachidutsa osachiona n'komwe.

Ena adzati, nanga iweyo unavomereranji? Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Ndinaseka nthabwala zosaseketsa, ndinati njuchi, ndinatumiza mafayilo. Ndinali nditakhala miyezi isanu osalandira malipiro, ndipo munthu wotero chipongwe sachiona, amangoona khomo. Lero ndimafunsiratu ndisanatsegule laputopu: kodi brief imeneyi ndi ya kasitomala weniweni, itenga maola angati, mulipira, nanga mukapanda kundilemba, ntchito yangayi ikhala ya yani? Nkhanga zinapangana kusanapse. Koma ndinama ndikanena kuti aliyense angathe kufunsa choncho. Ndimafunsa chifukwa ndili ndi pobwerera. Wongomaliza kumene sukulu, amene intaviyu imeneyi ndi yoyamba m'chaka chonse, kumuuza kuti "ukanakana" n'kumunyoza kachiwiri. N'chifukwa chake malangizo ambiri a pa intaneti amandikwiyitsa: onse amaloza wofuna ntchito, avale chiyani, akhale bwanji, amwetulire motani. Wamphamvu m'chipinda chija si iyeyo. Amene angasinthe zinthu ndi amene wakhala kuseri kwa tebulo, ndipo zomwe akuyenera kuchita sizidya ndalama: kusunga nthawi kapena kupepesa, kuwerenga portfolio munthu asanalowe, kutchula malipiro asanafunsidwe, ndi kuyankha.

Pa kuyankhapa ndiimepo pang'ono. Kukanidwa kumawawa tsiku limodzi. Kusayankhidwa kumawawa mwezi wathunthu, chifukwa foni ikangolira mtima umagunda, ndipo ntchito zina umachita nazo mphwayi poganiza kuti mwina mawa. Imelo ya mizere iwiri yonena kuti tasankha wina siitenga mphindi ziwiri kulemba. Kampani yomwe ntchito yake ndi kulankhula ndi anthu, yomwe imalipiritsa makasitomala powaphunzitsa kuti wodandaula pa Facebook aziyankhidwa ola lisanathe, ikulephera kulembera mizere iwiri munthu amene inamudyera masiku atatu.

Amaiwala kuti ntchito yathu ndi kamudzi kakang'ono. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wofuna ntchito wa lero ndi amene mawa adzakhale woyang'anira zotsatsa kukampani ina, akusankha wopatsidwa kontirakiti. Ngakhale asafike pamenepo, ali ndi anzake pa WhatsApp, ndipo masamba ngati Glassdoor ali ndi malo olembapo mmene intaviyu inayendera, funso ndi funso. Ine nkhaniyi ndaifotokozera ojambula osachepera 10, dzina la kampani ndikulitchula, ndipo atatu mwa iwo anandiuza kuti nawonso anapatsidwa brief ya wikendi, wina ya sopo yemweyo. Kampaniyo imawononga ndalama zambiri kuti izioneka yamakono, makoma owala ndi zimatumba zofewa, koma uthenga wonena za iyo womwe ukuyenda kwambiri ndi womwe timanong'onezana ife.

Chaka chatha, Lachinayi lina madzulo, foni inalira, nambala yachilendo.

"Mayi, mwaswera bwanji? Pepani pokuvutitsani madzulo ano. Simukundidziwa, koma nambala yanu wandipatsa ndi mnzanga."

Ndinawadziwa asanamalize chiganizo. Mawu anali omwe aja, koma tsopano ndinali "inu", ndinalinso "mayi". Wojambula wawo anali atasiya ntchito mwadzidzidzi, ndipo pitch inali Lolemba.

"Ndaswera bwino, bwana, kaya inu. Ntchitoyo ndikhoza kuigwira. Ndikutumizirani mtengo pa imelo usiku uno. Mukavomera mulembe, mulipire theka, ine ndiyamba mawa m'mawa."

Kunali zii kwa kanthawi.

"Aa, mayi, ifetu timaganiza kuti tiyambe taona kaye mmene mumaganizira."

"Munaona kale, bwana. Za sopo zija."

Anatsokomola, n'kunena kuti akambirana kaye ndi anzawo ndipo andiimbiranso ola lisanathe. Imelo ya mtengo ndinaitumiza 7 koloko. Foni ndinaiika pa chaja n'kukagona.